Kompyuta yazima yokha ndipo ikukana kuyaka: musathamangire kuifomata

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, mayi wina wa shopu yotayipa makalata anandibweretsera kompyuta atayikulunga m'chitenje. Inali itayamba kuzima yokha masana aliwonse, kenaka tsiku lina inakaniratu kuyaka. Mayiyu anali atafika kale kwa amisiri awiri. Woyamba anaifomata (kufufuta zonse pa disiki n'kuikamonso Windows) isanafe, mafayilo a makasitomala a zaka zitatu n'kupita, koma kuzimako osasiya. Wachiwiri anangodina batani kawiri n'kunena kuti bodi, thabwa lalikulu la m'kati lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yapsa, agule ina. Nditatsegula chivundikiro ndinapeza fumbi litaphatikana ngati bulangete pamwamba pa purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ndipo fani ya mu power supply, kabokosi kogawira moto ku zipangizo zonse, inali itauma, yosatembenuka ngakhale ndi kamtengo. Bodi inali yabwinobwino. Windows nayo inalibe mlandu. Mafayilo aja ndiwo amandiwawa mpaka lero, chifukwa anatayika pachabe.

Kompyuta ikazima yokha, nthawi zambiri imakhala ikudziteteza. Mu power supply muli zotchinjiriza zomwe zimadula moto pakachitika shoti kapena chipangizo china chikakoka moto wopitirira muyezo. Purosesa nayo ili ndi choyezera kutentha chomwe chimalamula kuti zonse zizime isanapse. Choncho kuzimako ndi uthenga, ndipo funso loyamba la mmisiri wabwino limakhala lakuti: yazima bwanji, yazima mukuchita chiyani, ndipo mukadina batani ikufika pati?

Mmene kompyuta imadzukira

Kuti mayankho a mafunsowa akhale ndi tanthauzo, muyenera kudziwa ndondomeko yomwe kompyuta imatsata ikamayaka. Makompyuta ambiri a pathebulo amatsata muyezo wotchedwa ATX womwe kampani ya Intel inatulutsa mu 1995. Pamuyezowu, pulagi ikangolowa mu soketi, power supply imayamba kutumiza moto wochepa wa 5V ku bodi ngakhale kompyuta ili yozima. Moto umenewu umadutsa mu waya wa mtundu wa pepo, ndipo ndiwo umayatsa kanyale kakang'ono komwe mumakaona pa bodi zina. Ntchito yake ndi kudikirira batani.

Mukadina batani, bodi imalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda, ndipo power supply imadzuka yonse: 12V pamawaya achikasu, 5V pa ofiira, 3.3V pa a olenji. Koma purosesa siiyamba pomwepo. Imadikira kaye kuti power supply inene, kudzera pa waya wotuwa, kuti moto wakhazikika, zomwe zimatenga nthawi yosapitirira theka la sekondi. Ikalandira uthengawo, purosesa imawerenga pulogalamu ya BIOS, yomwe pamakompyuta atsopano imatchedwa UEFI. Pulogalamuyi imayendera RAM (posungira zinthu kwa kanthawi kompyuta ikamagwira ntchito), mbali ya zithunzi ndi zina zonse, kuyendera komwe kumatchedwa POST. Zikakhala bwino chizindikiro cha kampani chimaoneka pa sikirini, kenaka BIOS imafufuza disiki yomwe ili ndi Windows n'kuipatsira ntchito.

Taonani pomwe Windows ikulowera: kumapeto kwenikweni. Kompyuta yomwe sikuonetsa chilichonse pa sikirini sinaifike n'komwe Windows. Kuifomata kuli ngati kusintha dalaivala pomwe galimoto ilibe mafuta.

Ngati kompyuta yanu idakayakabe nthawi zina, gwiritsani ntchito mwayiwo. Choyamba koperani mafayilo anu onse ofunika pa fulashi kapena pa disiki ina, lero lomwe. Kenaka kumbukirani mmene imazimira. Ikamangoti phii ngati magetsi athima, popanda uthenga uliwonse, kayikirani moto kapena kutentha. Ikamaonetsa kaye sikirini ya buluu yokhala ndi mawu kenaka n'kuyambiranso, kayikirani RAM, disiki kapena madiraiva (timapulogalamu toyendetsa zipangizo), ndipo jambulani mawuwo ndi foni. Ikamalemba bwinobwino kuti ikuzima n'kutseka mapulogalamu mwadongosolo, ndiye kuti chinachake chailamula: pulogalamu, Windows Update kapena batani lomwe likudzigunda lokha. Windows imasunga zonsezi mu kaundula wake wotchedwa Event Viewer, pagawo la System. Nambala 41 ya Kernel-Power ndi 6008 zimangotsimikiza kuti inazima mwadzidzidzi, sizitchula chifukwa, ndiye musataye tsiku lonse mukuzifufuza pa intaneti. Nambala 1074 ndiyo imatchula pulogalamu yomwe inalamula kuzimako.

Yambani kunja kwa bokosi

Ambiri amathamangira sukuludiraiva pomwe vuto lili kukhoma. Lumikizani nyale kapena ayironi pa soketi yomweyo. Chotsani ekisitenshoni, makamaka zotchipa zomwe mano a pulagi amagwedera m'kati, n'kulumikiza kompyuta kukhoma mwachindunji. Kugwederako pakokha n'kokwanira kuzimitsa kompyuta munthu akangogunda thebulo. Mawaya osenda olowetsedwa mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, amenewo ndiye achotseni musanachite china chilichonse. Pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno ili ndi fyuzi m'kati, ndipo fyuziyo imapsa. Sinthani ndi ya nambala yofanana, osakulungapo waya kapena pepala lonyezimira. Chingwe cha moto cha kompyuta n'chofanana ndi cha mamonita ambiri, ndiye mutha kusinthanitsa n'kuona.

UPS, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka moto magetsi akathima, nayo imakalamba. Batire lake likatha mphamvu, zomwe zimachitika pakatha zaka zitatu kapena zinayi, magetsi akangophethira pang'ono UPS imagwa pamodzi ndi kompyuta. Idumpheni kaye poyesa.

Kumbuyo kwa power supply zakale kuli kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi a 220V mpaka 240V, pomwe a ku America ndi a 120V. Kompyuta yotumizidwa ndi m'bale kuchokera ku America ikalumikizidwa kaswichiko kali pa 115, imaphulika nthawi yomweyo ndi utsi. Yang'anani musanalumikize. Ngati zachitika kale, kawirikawiri imafa ndi power supply yokha.

Pomaliza kunjako, zulani chingwe cha moto, dinani batani loyatsira n'kuligwira masekondi 20 kapena 30, kenaka lumikizaninso. Power supply ikadzitseka chifukwa cha shoti kapena magetsi obwera mwamphamvu, zambiri zimakhala chitsekere mpaka moto wonse utatha m'kati. Makompyuta ochuluka ndithu omwe eni ake amati afa magetsi atabwera usiku amadzuka ndi zimenezi zokha.

Power supply

Kompyuta ikakhala zii, palibe fani, palibe nyale, wokayikiridwa woyamba ndi ameneyu. Koma ndinene kaye mosapita m'mbali: bokosi la power supply musalitsegule. Ma capacitor, timigolo ta m'kati mwake, amasunga moto wopitirira 300V ngakhale mutazula pulagi, ndipo ukhoza kupha munthu. Power supply yakufa timasintha yonse.

Kuyesa kwake kuli motere. Zulani pulagi kukhoma, chotsani mawaya onse a power supply pa bodi ndi pamadisiki. Pa cholumikizira chachikulu cha mano 24, pindani kawaya kapena kachitsulo kopanira mapepala n'kulumikiza dzenje la waya wobiriwira ndi la wakuda aliyense. Mukalumikiza moto, fani iyenera kuzungulira. Ikapanda kutero, yafa, pokhapokha ikakhala ya mtundu watsopano womwe fani yake imadikira kutentha. Ngati mawaya onse ndi akuda, musachite zongoganizira: pezani buku lake kapena kachipangizo koyezera power supply.

Fani ikazungulira musasangalale msanga. Zangotanthauza kuti imadzuka isanasenze katundu. Ndi multimeter, kachipangizo koyezera moto, yezani pakati pa wachikasu ndi wakuda: payenera kukhala pakati pa 11.4V ndi 12.6V. Wofiira akhale pakati pa 4.75V ndi 5.25V. Ngakhale manambalawa atakhala bwino, power supply yotopa imatha kugwa purosesa kapena khadi la zithunzi likayamba kukoka moto wambiri. N'chifukwa chake kompyuta ina imakhala bwino mukamatayipa koma imazima mukangotsegula gemu kapena kuyamba kukonza vidiyo. Ine mayeso omwe ndimawakhulupirira kwambiri ndi kubwereka power supply ina yodziwika kuti ndi yabwino n'kuigwiritsa ntchito tsiku lonse.

Makompyuta ambiri a m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu kwathu kuno ndi a kaunjika ochokera kunja, monga Dell OptiPlex ndi HP Compaq Elite kapena EliteDesk. Ambiri mwa amenewa satsata muyezo wa ATX ndendende: cholumikizira chawo chili ndi mano 6 kapena 8, ndipo mitundu ya mawaya siifanana ndi yomwe ndatchulayi. Pa amenewa musayese za kawaya zija, ndipo musakakamize power supply wamba. OptiPlex zambiri zili ndi kabatani ndi kanyale kumbuyo kwa power supply. Mukadina kabataniko kanyale n'kuyaka, power supply ndi yamoyo. Kakapanda kuyaka, chotsani mawaya ake pa bodi n'kuyesanso. Kakayaka tsopano, ndiye kuti shoti ili pa bodi kapena pa chipangizo china.

Mukamagula ina, musakhulupirire nambala ya mawati yolembedwa pachomata chokha. Inyamuleni. Yopepuka ngati chitini chopanda kanthu koma yolembedwa 500W ndi yokayikitsa, ndipo zoterezi zikamafa zimatha kutenga bodi ndi disiki.

Kutentha

Kompyuta yozima chifukwa cha kutentha imadziwika ndi khalidwe lake. M'mawa imagwira ntchito ola lathunthu. Ikazima n'kuiyatsa pomwepo, imangotha mphindi zisanu. Mukaisiya kuti izizire imayambiranso bwino. Isanazime fani imalira kwambiri ndipo zonse zimayenda mwaulesi, chifukwa purosesa imayamba yadzichepetsera liwiro ikamayandikira malire ake, omwe pa ma Intel ambiri ndi madigiri 100 ndipo pa ma AMD Ryzen ndi 90 kapena 95. Kudzichepetsako kukalephera m'pomwe imazimitsa zonse.

Nyengo yathu siithandiza. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala imadzaza fumbi m'bokosi, kenaka kutentha kwa Okutobala n'kubwera kudzamaliza. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kunja kokha kumapitirira madigiri 40, kompyuta yafumbi siifika masana. Onjezerani chizolowezi choika bokosi pansi pa simenti, kuliphimba ndi nsalu yoluka kuti lisade, kapena kulitsekera m'kabati ya desiki, ndiye kuti mwaiika mu uvuni.

Lowani mu BIOS n'kuona kutentha kwa purosesa, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu ngati HWMonitor ngati Windows ikutseguka. Purosesa yongokhala osagwira ntchito koma ili pamadigiri 70 kapena 80 ili ndi vuto. Tulutsani bokosi panja, pemererani fumbi ndi bulowa ndi burashi youma, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Musaiwale fani ya mu power supply, yomwe mutha kuipemerera muli kunja. Yang'ananinso mphemvu ndi nyerere, zimakonda kufunda kwa m'menemo ndipo zimayambitsa shoti.

Kenaka gwedezani pang'ono chitsulo choziziritsa purosesa. Sichiyenera kusuntha. Za Intel zambiri zimagwira ndi timiyendo tinayi ta pulasitiki tomwe timasolotoka kompyuta ikanyamulidwa pa kabaza kapena m'minibasi pamsewu wa mabampu. Kamwendo kamodzi kakamasuka, chitsulocho chimapendekeka ndipo kompyuta imazima isanafike n'komwe pa Windows. Pakati pa chitsulocho ndi purosesa pamakhala thermal paste, phala lotuwa lomwe limatseka timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kudutse. Likauma limasanduka ngati choko. Pukutani lakale ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ikani kadontho kamodzi kukula ngati njere ya nandolo pakati, n'kubwezera chitsulocho. Mankhwala otsukira mano kapena girizi wa njinga salowa m'malo mwake, ngakhale wina akuuzeni kuti anayesapo.

Ikuyaka masekondi ochepa n'kuzima

Apa werengani masekondi. Ngati fani ikungogwedezeka kamodzi n'kuima, power supply yaona shoti kapena yalephera kukhazikitsa moto. Ngati ikuzima patatha masekondi anayi kapena asanu nthawi zonse, kayikirani batani. Bodi inapangidwa kuti batani likagwiridwa masekondi anayi izimitse mokakamiza, ndiye batani lokanirira m'kati limachita zomwezo lokha. Tsatirani timawaya tiwiri tochokera ku batani mpaka pa bodi, pomwe palembedwa PWR SW, tizuleni, n'kugunditsa mano awiriwo ndi nsonga ya sukuludiraiva kwa kamphindi. Ikayaka n'kukhazikika, vuto linali batani la ndalama zochepa.

Zikakanika, vulani kompyuta mpaka itsale ndi zoyenera zokha: bodi, purosesa ndi choziziritsa chake, RAM imodzi, power supply. Madisiki, DVD, khadi la zithunzi ngati bodi ili ndi polumikizira monita pake, mawaya a USB a kutsogolo, zonse zichoke. Musanagwire za m'kati zulani pulagi n'kukhudza chitsulo cha bokosi kuti moto wa m'thupi utuluke. Onetsetsani kuti waya wa mano 4 kapena 8 wodyetsa purosesa walowa mpaka kulira. Ikayaka ili yovulidwa chonchi, bwezerani chinthu chimodzi, yatsani, zimitsani, bwezerani china. Kuthamanga sikufika: mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudziwa chomwe chachiza kapena chomwe chapha. Walitsani ndi tochi m'mabowo a USB. Limodzi likathyoka kalilime ka pulasitiki, mano ake amagundana, ndipo bodi zina zimalemba kuti USB yakoka moto wopitirira n'kuzima patatha masekondi 15.

Mafani akuzungulira koma sikirini ndi yakuda

Yambani ndi monita: kodi ikuyaka, kodi chingwe chalowa pa khadi la zithunzi osati pa bodi ngati khadilo lilipo? Zikakhala bwino, pitani pa RAM, chifukwa apa ndiyo imalakwa kawirikawiri. Itulutseni, pukutani mano ake agolide ndi labala wofufutira pensulo mopepuka, pemererani polowera pake, n'kuikankha mpaka zogwirira zitseke zokha. Yesani imodziimodzi, m'malo osiyanasiyana.

Mvetseraninso zomwe kompyuta ikunena. Pa HP Compaq Elite zakale ngati 8200 ndi 8300, kanyale kofiira kakaphethira ndi kulira kawiri ndi kutentha, kanayi ndi moto, kasanu ndi RAM, kasanu n'kamodzi ndi mbali ya zithunzi. Dell imagwiritsa ntchito batani loyatsira lophethira mtundu wa olenji, ndipo tanthauzo la kuphethirako limasiyana malinga ndi mtundu wa kompyuta, ndiye werengani n'kufufuza m'buku la mtundu wanuwo. Bodi zatsopano zili ndi tinyale tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, ndipo pomwe kanyale kakanirira m'pomwe ndondomeko ija yaimira. Makompyuta a RAM ya DDR5 amatha kukhala ndi sikirini yakuda kwa mphindi zingapo koyamba mukasintha RAM. Adikireni.

Pa bodi pali kabatire kozungulira ngati khobidi, ka CR2032, ka 3V. Kamasunga nthawi ndi zosankha za mu BIOS. Kakamatha, wotchi imabwerera kuzaka zakale mukazula pulagi, ndipo makompyuta ena amakaniratu kudzuka. Kukachotsa kwa mphindi zisanu pulagi ili yozula kumabwezera BIOS mmene inachokera kufakitale, zomwe zimachiza zosankha zolakwika. Koma pali misampha iwiri. Ngati chosankha cha kalumikizidwe ka disiki chinali pa AHCI ndipo BIOS yabwerera pa RAID, Windows imakana kutseguka ndi uthenga wa INACCESSIBLE BOOT DEVICE, ndipo mankhwala ake ndi kungobwezera chosankhacho, osati kufomata. Msampha wachiwiri ndi BitLocker, pulogalamu ya Windows yokiya disiki. Makompyuta ambiri a Windows 11 amakiya disiki okha, ndipo BIOS kapena bodi ikasintha amatha kufunsa kiyi ya manambala 48. Kiyiyo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake kapena kwa oyang'anira makompyuta a kuntchito. Ipezeni musanagwire kabatire.

Muli m'katimo, yang'anitsitsani ma capacitor, timigolo ting'onoting'ono toimirira pafupi ndi purosesa. Pamwamba pake payenera kukhala pathyathyathya. Totupa kapena totuluka zinthu zofiirira tafa. Makompyuta ambiri opangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 anali ndi vutoli chifukwa cha ma capacitor opangidwa molakwika, koma ngakhale abwino amatopa ndi kutentha kwa zaka zambiri. Chizindikiro chake ndi kompyuta yomwe imafuna kudinidwa kangapo m'mawa kuti iyake. Mmisiri wa mawailesi ndi ma TV wodziwa kuwotcherera amatha kuwasintha pamtengo wochepa kuposa bodi ina.

Chizindikiro cha kampani chikuoneka koma Windows osatseguka

Apa pokha m'pomwe nkhani ya disiki ndi Windows ikuyambira. Kuzima kwadzidzidzi kobwerezabwereza kumaononga mafayilo omwe Windows imadzukira, ndiye kompyuta yomwe inayamba ndi vuto la moto imatha kuthera pano. Lowani mu BIOS muone ngati disiki ikuoneka. Ngati sikuoneka, sinthani chingwe cha SATA ndi polumikizira pake. Hadi disiki ikamalira kuti khe khe khe, izimitseni pomwepo, chifukwa kuiyatsa kulikonse kumaonjezera kukalika kwa m'kati. Ngati ikuoneka ndipo ili chete, itulutseni, ilumikizeni pa kompyuta ina, koperani mafayilo, ndipo muone thanzi lake ndi pulogalamu ngati CrystalDiskInfo. Mafayilo akakhala pabwino m'pomwe mungayese Startup Repair kuchokera pa fulashi ya Windows, n'kuyeza RAM ndi MemTest86 usiku wonse ngati panali sikirini ya buluu.

Bodi imafadi, makamaka m'nyengo ya mvula mphenzi ikalowera pa mawaya a magetsi kapena pa chingwe cha intaneti. Koma ine sindinena kuti yafa ndisanaiyese ndi power supply ina, RAM ina, kabatire katsopano, itatulutsidwa m'bokosi n'kugonekedwa pa katoni kuti ndione ngati sikugunda chitsulo pansi. Mmisiri akakuuzani kuti bodi yapsa, muli ndi ufulu womufunsa kuti wayesa ndi chiyani, ndipo musanamusiyire kompyuta muuzeni momveka kuti asagwire disiki musanagwirizane.

Kompyuta ya mayi uja ndinaisintha power supply, kuipemerera ndi kuika thermal paste watsopano. Tinaichotsa pansi n'kuiika pathebulo, kutali ndi chitseko cha kumsewu, ndipo nsalu yoluka ija inapita pa pulinta. Ndinawapempha kuti magetsi akathima azizimitsa swichi ya kukhoma, akabwera adikire mphindi zingapo asanayatse, ndipo jenereta ikamalira aziyamba aiyatsa ikhazikike kenaka n'kulumikiza kompyuta. Anagulanso fulashi yomwe amakoperapo ntchito za makasitomala Loweruka lililonse asanatseke shopu.